Wedisoni Ankaima Pansi pa Dengu

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, mulibe choti mungatolemo. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, chifukwa ndi kumene kunachokera banja lathu lino. Inu mumandidziwa ngati mphunzitsi wa basiketibolo wa pakoleji ya aphunzitsi, mdala wa wezulo m'khosi. Koma ntchito imeneyi sindinaiyambire pakoleji ayi. Ndinaiyambira pa phulusa la malasha ku Wanki, kumene lero mukuti Hwange. Iwe Esinati, mwana wanga woyamba ngakhale sindinakubereke, wakhala ukundifunsa za bambo ako okubereka, ine n'kumangozemba. Tsopano maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndilembe ndisanalephere kuona mizere.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950

Ndinatsika sitima ku Wanki m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditavala malaya oyera oti abwana akandione kuti ndine wophunzira, koma pofika madzulo malayawo anali atada ndi fumbi la malasha, ndipo sanayerenso mpaka anatha. Utsi unkakuta komboni yonse, fungo lake ngati la mazira owola. Ndinali nditangomaliza sukulu pamishoni kwathu ku Nyasalande, kumene wansembe wina anatiphunzitsa mpira woponyera m'dengu. Sindinkaganiza n'komwe kuti masewera amenewo angadzandidyetse.

Ntchito yanga inali yothandiza mzungu woyang'anira zisangalalo za anthu a m'komboni. Anthu ankamutcha Bwana Kaliwo, chifukwa kaliwo wa fodya sankachoka pakamwa pake ngakhale polankhula. Sanali munthu wankhanza, ndinene zoona. Matenda ake anali amodzi: sankafuna kugonja. Anali atadzitama kwa azungu anzake a kumalo awo otchedwa Baobab, amene anali ndi bwalo la simenti, kuti iye apanga timu ya anthu a m'komboni yoti ikagonjetse za ku Bulawayo. "Wena azi lo bola?" anandifunsa tsiku loyamba m'Chilapalapa, chilankhulo cha pamgodi. Ndinamuyankha m'Chingerezi kuti mpirawo ndimaudziwa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ndine wamfupi, koma palibe wina.

Bwalo lathu linali kuseri kwa holo ya kukomboni ya Nambala Thu. Tinalisalaza tokha ndi phulusa la malasha, n'kumalithira madzi kuti ligwirane. Madengu anatipindira anthu a kunyumba yosulira zitsulo, ndipo limodzi linali lopendekeka moti woponyera mbali imeneyo ankachita kulinyengerera. Mpira unali umodzi, wachikopa, ndipo unkakhalitsa kwa wosoka nsapato kuposa pabwalo. Nsapato zosewerera kunalibe. Ena ankavala za matayala, ena ankangoponda ndi mapazi, phulusa likutentha ngati chiwaya. Ndikapempha mpira wachiwiri, Bwana Kaliwo ankati chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho sindinachione.

Poyamba anthu sankabwera. Munthu watuluka pansi mumgodi msana uli wothyoka, ndiye ndimuuze kuti azidumpha? Ena ankandiseka kuti, "Aphunzitsi, mpira wogwira ndi manja ndi wa atsikana." Ndiye Bwana Kaliwo anakalankhula ndi akuluakulu a pamgodi, n'kugwirizana kuti aliyense wosewera m'timu achotsedwe pansi, apatsidwe ntchito ya pamtunda kuti azipezeka masana. Mawa lake pabwalo panali podzaza, mpaka madala a imvi osatha kudumpha ngalande. Malo anali ochepa, ndipo wosankha ndinali ine. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ntchito yanga si ya masewera okha. Amene ndamusankha azipuma mpweya wa kunja, amene ndamusiya abwerere m'fumbi. Ndinali wamng'ono kwambiri kuti ndisenze katundu wotere, ndipo ndinkadana nawo.

M'gulu limenelo munali Wedisoni. Anali wamtali moti pakhomo lililonse ankachita kuwerama, ndipo zaka zambiri anali akuboola miyala pansi atapindika msana. Mpira ankaugwira ndi dzanja limodzi ngati lalanje. Anandiyandikira n'kufunsa, "Aphunzitsi, chiwongo chanu ndani?" Ndinati Mbewe. Iye anawomba m'manja. "Inenso Mbewe, wa ku Dedza. Ndiye ndinu mng'ono wanga, mungasiye mkulu wanu padzuwa?" Ndinaseka, koma ndikanamusankhabe ngakhale akanakhala wa chiwongo china. Anamuika kunyumba ya nyale, kumene ankapukuta nyale za olowa pansi. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkadya kwa iye, m'kanyumba ka kampani ka m'mizere ya apabanja. Mkazi wake, amene ndi amayi anu, anali Mnambya, mtundu wa komweko, wa m'midzi ya kufupi ndi mtsinje wa Deka. Iwe Esinati unali utangoyamba kuthamanga, mlongo wako Yakobe ali kumsana. Ukabwera kubwalo, bambo ako ankakunyamula m'mwamba ndi manja awiri kuti ugwetsere mpira m'dengu, ndipo unkakana kutsika.

Chaka chachiwiri, nyengo yozizira

Ku Wanki aliyense ankatsokomola, aliyense ankalavula zakuda, ndiye poyamba sindinalabadire. Koma chifuwa cha Wedisoni chinali china. Akathamanga kawiri kuchoka dengu ili kupita linalo, ankaima manja ali m'maondo, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itayera. Tsiku lina titaweruka ndinamuitanira pansi pa mtengo wa tsanya umene unali pambali pa bwalo.

"Achimwene, chifuwa chimenecho tipite nacho kuchipatala."

"Mukufuna ndikwere sitima?" anandiyankha osandiyang'ana.

Ndinkadziwa chimene ankanena. Masiku amenewo munthu akapezeka ndi chifuwa cha mumgodi, ntchito inkathera pomwepo. Ankamupatsa tikiti ya kwawo, ndipo nyumba inkapita kwa wina. Ndinati, "Ndiye mukapume kumudzi, mutenge alamu ndi ana."

Anaseka mpaka kusekako kunasanduka kutsokomola. Atapeza mpweya anati, "A Mbewe, sukulu mwaphunzira koma kwanu mwaiwala. Kwathu ana ndi a kwa mayi awo. Ndikakafika nawo ku Dedza, alongo anga akafunsa kuti ana a mlendowa alima munda wa ndani. Ine ndemwe ndikakhala pakhonde pa alongo anga ngati wodutsa. Kuno nako apongozi anga amati ana ndi a kwa bambo. Anandiuza pamaso kuti mwana wawo akafuna abwerere, koma ana a Mnyasa atengedwe ndi Anyasa. Ndiye tandiuzani, ana angawa kwawo ndi kuti? Kwawo ndi kanyumba kaja ka nambala pachitseko. Ndikachoka ine, alibe khomo."

Ndikamutengera kuchipatala, akwera sitima ndipo ana atuluka m'nyumba. Ndikamuchotsa m'timu, abwerera pansi, kumene fumbi limumaliza miyezi yochepa. Ndikamusiya kuti azithamanga, ndimupha ndine ndi wezulo wanga. Ndinayenda ndi maganizo amenewa mlungu wonse, chakudya osachimva kukoma.

Kenako ndinaitana anzake anayi amene ankayamba nawo masewera, iye palibe. Wamkulu mwa iwo anali Jekapu, munthu wa ku Tete, wamfupi, wosakonda zolankhula. Ndinawauza zonse, n'kuwafotokozera chimene ndinkaganiza: Wedisoni aziima pafupi ndi dengu la adani, pambali pa mzere, osabwerera kumbuyo. Iwo anayi azitchinga anthu asanu, ndipo akalanda mpira aziuponya kutali, kwa iye. Ndinawauza poyera kuti atopa kuposa kale, ndipo wokana akane. Ndiye Jekapu anati, "Pansi munthu akavulala timamusiya? Tithamanga ife." Nkhani inathera pomwepo, ndipo palibe amene anaitulutsa kunja.

Zinayenda kuposa mmene ndinkayembekezera. Matimu a m'dera lathu, a kusukulu ya mishoni ndi a kunjanji, sankadziwa chochita ndi munthu wamtali woima yekha kutsogolo. Mpira ukangouluka, komboni yonse inkakuwa kuti, "Kwa Mtali! Kwa Mtali!" Iye ankangotambasula dzanja, kuponda kamodzi, mpira m'dengu. Bwana Kaliwo ankandisisita paphewa, n'kumauza anzake kuti wapeza mphunzitsi wanzeru. Ndinkangomwetulira. Chaka chimenecho ndi chokhacho chimene ndinasangalala ku Wanki, koma ngakhale pamenepo khutu langa linkakhala ku chifuwa chija.

Chaka chachitatu, chilimwe

Tinakwera sitima kupita ku Bulawayo kukasewera ndi timu imene Bwana Kaliwo ankailota. Anyamata a kumeneko anali ndi nsapato, ndiponso anali ndi maso. Sipanatenge nthawi kuti aone kuti kumbuyo kwathu kuli anthu anayi okha. Anayamba kupatsirana mpira mofulumira, wachisanu wawo n'kumangotsala yekha, ndipo anatichititsa manyazi. Jekapu anathamanga mpaka mapazi anang'ambika.

Lolemba Bwana Kaliwo anandiitanira ku ofesi. "Wamtali uja ndi waulesi," anatero. "Waima ngati mtengo wa telefoni anzake akufa. Anthu aja akubwera kuno kudzabweza masewera. Akathamanga bwalo lonse ngati anzake mpaka kumapeto, akhala. Akaimanso, kapena ukamutulutsa, abwerera pansi. Pali anthu ambiri ofuna malo ake." Ndinayesa kunena kuti kuima kwake ndi njira yanga yophunzitsira. Anati ndiye njira yangayo ndiisinthe. Chifukwa chenicheni sindikanachitchula, chifukwa kuchitchula kunali kumulembera tikiti. Ndinatuluka mu ofesimo mtima ukuwira, ndikulakalaka kuthyola kaliwo uja.

Nditamuuza Wedisoni, sanadabwe. Anali kunyumba ya nyale, akupukuta galasi ndi kansanza.

"Ndithamanga," anatero.

"Achimwene, mufa."

"Pansi ndikafa, kumudzi ndikafanso. Kusiyana kwake n'kwakuti ndikathamanga, ana agona m'nyumba chaka china. Kutsogoloko Mulungu adziwa. Inu chanu n'chimodzi, a Mbewe: musanditulutse. Zivute zitani, musanditulutse. Ndagwira mwendo wanu."

Sindinalonjeze. Koma iye anaona ngati ndavomera. Patapita masiku angapo amayi anu anandipeza pampopi wa m'komboni. Chinyanja chawo chinali chidakali chosakanikirana ndi Chinambya, koma ndinamva bwinobwino. Anati, "Alamu, munthu uja sagona, amatsokomola atakhala tsonga mpaka kucha. Za nyumba ndikuzidziwa. Koma musamuphe ine ndikuona." Ndiye ndinali ndi mapempho awiri a m'nyumba imodzi, ndipo sindikanatha kuyankha onse.

Tsiku la masewera kunatentha moti mbalame zinangoti zii m'mitengo. Anthu anadzaza mpaka padenga la holo. Azungu a ku Baobab anabwera ndi mipando yawo, Bwana Kaliwo ali pakati. Amayi anu anaima kumbuyo kwa dengu lopendekeka lija, Yakobe ali kumsana, iwe utagwira nsalu yawo. Ndipo Wedisoni anathamanga. Ana anga, ndaona osewera ambiri pa moyo wanga, ena anafika patali, koma sindinaonenso munthu akusewera ngati mmene anasewerera bambo uja tsiku limenelo. Ankatchinga kumbuyo, n'kupezekanso kutsogolo. A ku Bulawayo akaponya, dzanja lake linali pomwepo. Pofika nthawi yopuma tinali patsogolo. Wedisoni anakhala pansi atatembenukira kumbali, osafuna kuti ndione nkhope yake, ndipo Jekapu ndi amene ankachita kumugwirira madzi.

Chigawo chachiwiri chili mkati, mpira unatuluka kunja n'kugubuduka mpaka pamapazi anga. Ndinautola. Unali wonyowa, ndipo ndinkayesa thukuta. Nditayang'ana m'manja mwanga, munali magazi. Wedisoni anali atatsokomolera m'dzanja kuti anthu asaone, kenako n'kugwira mpira. Ndinadzutsa mutu. Anali ataima pakati pa bwalo akundiyang'ana, ndipo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Woimbira masewera anatambasula manja kuti ndimupatse mpirawo. Ndinayang'ana kumbuyo kwa dengu, kumene amayi anu anali atagwira pakamwa. Ndinapukuta mpira pa kabudula wanga, n'kuupereka, ndipo ndinauza woimbira kuti ndikusintha munthu.

Wedisoni anakana kutuluka. Anthu anayamba kukuwa, ena kunditukwana, poti sankadziwa. Jekapu ndi amene anapita kukamugwira dzanja, n'kumunong'oneza. Atafika kunja kwa mzere, Wedisoni anakhala pansi mwamphamvu, ndipo chimene ankabisa chinatulukira pamalaya onse. Bwana Kaliwo anabwera akuthamanga kuti adzandikalipire. Ataona malayawo anaima, n'kuchotsa kaliwo pakamwa. Aka kanali koyamba kumuona wopanda kaliwo. Anaitanitsa galimoto ya kuchipatala. Masewerawo tinapambana, ndipo anthu anavina mpaka madzulo.

Chaka chomwecho, mvula itayamba

Kuchipatala ndinkapitako tsiku ndi tsiku. Ndikalowa, ankatembenukira kukhoma. Ndinkakhala pambali pa bedi, kulankhula za m'komboni, za mvula, iye osayankha. Madokotala anajambula chifuwa n'kupeza chimene tonse tinkachidziwa. Bwana Kaliwo anayesa kumulankhulira, ndimupatse ulemu wake pamenepo, koma lamulo linali lamulo. Tikiti inatuluka.

Tinamuperekeza kusiteshoni m'mawa, kukuwaza mvula. Anthu a gulu lathu la maliro la Anyasa ndi amene ananyamula bokosi lake la katundu. Wedisoni anali ataonda moti jekete inkangolendewera. Sitima itaima anandiitana, ndipo aka kanali koyamba kundilankhula chichokereni pabwalo paja.

"Mukanandisiya ndimalize, a Mbewe. Kunatsala pang'ono."

Ndinati, "Mukanafera pabwalo, achimwene."

"Ndikanafera pabwalo kapena ayi, mukudziwa ndinu?" Anapuma kanthawi. "Mwanditulutsa ndinu. Ndiye ana awa ndi anu. Musawapereke kwa munthu."

Mlungu womwewo nyumba inapita kwa banja lina. Amayi anu ndi inu awiri munakasungidwa kukhitchini kwa mkulu wa mpingo, katundu ali m'matumba, denga likudontha. Ine ndinkagona kwa osakwatira, kumene mwana sankaloledwa, ndiye ndinkangobweretsa phoso langa. Mvula isanathe, munthu wina wobwerera kuchokera ku Dedza anatiuza kuti Wedisoni anaikidwa. Anati anamwalira m'kanyumba ka kuseri kwa alongo ake, ndipo pamaliro pake anthu ambiri sankamudziwa.

Akuluakulu a gulu la maliro anakhala pansi. Anati mwa chiwongo mng'ono wa malemu kuno ndi ine, ndipo mawu a kusiteshoni anawamva onse. Anafunsa ngati ndingalowe chokolo. Ndinavomera, koma ndinati afunsenso mwini wake. Amayi anu sanayankhe msanga. Pamene anayankha, anandiuza ndili ndekha kuti, "Mwa anthu onse, amene anandimvera ndinu, koma sindikudziwa ngati ndikuthokozeni." Tinakhala limodzi zaka zonse zija mpaka Mulungu anawatenga, tinabereka enanu, tinalemekezana, ndipo mawu amenewo sanawabweze. Kampani inandipatsa nyumba ya apabanja mizere iwiri kuchokera pa yakale ija. Iwe Esinati unkasochera, n'kumakagogoda pachitseko chakale, ndipo mayi wa m'menemo ankakubweza atakugwira dzanja.

Timu ija ndinaiphunzitsabe, koma mtima unali utachoka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 zomwezo ndinapeza malo pakoleji ya aphunzitsi, ndipo tinachoka ku Wanki. Kumeneko ndinagwira ntchito mpaka kupuma. Ophunzira anga ankandinena kuti ndine wofewa, chifukwa wosewera akangogwira m'maondo ndinkamutulutsa, masewera afike povuta bwanji. Ena anandikwiyira, zikho zina tinaluza chifukwa cha chimenecho. Sindinawafotokozere, ndipo sindikupepesa. Atandibwezera mpira uja m'manja lero, ndingachitenso chimodzimodzi. Koma musaganize kuti zimenezi zimandipatsa mtendere. Funso la kusiteshoni lija sindinaliyankhe, ndipo ndifa nalo.

Esinati, kawirikawiri umandifunsa kuti bambo ako ananena chiyani za iwe pochoka. Uli mwana ndinkakuuza kuti anati ukhale mwana womvera. Ndinkangofuna kuti ugone. Zoona zake n'zakuti sananene kanthu, mpweya unali utawathera polankhula ndi ine. Woyang'anira sitima ataimba wezulo, iwe unakweza manja ngati mmene unkachitira kubwalo. Bambo ako anawerama, anakugwira m'khwapa, anayesa kamodzi, anayesanso kachiwiri. Mapazi ako sanachoke pansi.